Aneba, Tipaleko Moto: Zomveka mu Chipata

Mukafuna kudziwa ngati alimi akolola bwino kuno kummawa, musavutike n'kukafunsa m'maofesi. Ingoimani m'mbali mwa msewu wa ku Down Shops Loweruka m'mawa, muone zimene njinga zanyamula. Zaka zina mumaona malata, zaka zina matiresi kapena mapanelo a sola. Chaka chino, nshawa ndi soya zitangokwera pa sikelo, chimene chikudutsa ndi chikatoni chopyapyala koma chotambalala ngati chitseko, chomangidwa ndi mphira pa keliyala. Wopalasa ali thukuta kamukamu, mwini katundu akuthamanga pambuyo, dzanja lili pa katoni, akufuula: "Pang'onopang'ono, achimwene, muli galasi umo!"

Imeneyo ndi TV yamakono, ija akuitcha smart TV, ena amati TV yanzeru. Kuifikitsa kunyumba si nkhani. Njinga za mu Chipata zinanyamulapo mbuzi, matumba a makala, ngakhale apongozi. Nkhani imayamba madzulo, banja lonse litakhala pansi, ana a aneba atadzaza pakhomo, bambo atakanikiza batani lofiira. M'malo mwa nyimbo kapena nkhani za madzulo, chinthucho chimayamba ndi kufunsa: netiweki yanu ndi iti, nanga pasiwedi yake? Pamenepo m'nyumba mumangoti zii, ngati mlendo waitanitsa ndiwo zomwe simunaphike.

Funso limeneli ndi lomwe lili pakamwa pa aliyense mwezi uno. Ndatchera khutu kuyambira ku Kapata mpaka ku Mwami, ndipo nazi zimene ndatola.

Wafa ndani?

Tiyambire ku Kapata, komwe amayi pa mpopi akuseka mpaka kugwirana mapewa chifukwa cha ambuya ena amene abwera kuchokera kumudzi kudzacheza kwa mwana wawo. Akuti anali chigonere pa mphasa kukhonde, mdzukulu n'kutulukira akulira: "Amayi, Wi-Fi yapita!" Ambuya dzambatu, chitenje m'manja: "Wafa ndani? Wapita ndani, mwanawe? Bwanji mukundibisira?" Mpongozi wawo anachita kuwagwira dzanja, kuwakhazika pansi ndi kuwapatsa madzi akumwa, n'kuwauza kuti kulibe maliro, ndi kabokosi ka pa shelefu chabe kamene kazima. Atamvetsa, ambuya anapukusa mutu n'kunena kuti mwana akalirira bokosi chotero, ndiye kuti bokosilo ndi m'bale wake.

Koma asikulu ena, aja amakhala pa benchi la wosoka nsapato pafupi ndi msika, izi sizikuwadabwitsa. Mdzukulu wawo atawauza kuti Wi-Fi ndi njira yotumizira mawu ndi zithunzi popanda waya, iwo anangoti: "Ndiye wayilesi imeneyo, mwana iwe. Mwangoipatsa dzina latsopano." Ndipo analasa. Wi-Fi imayendadi pa mafunde a wayilesi, monga mmene mawu a Breeze FM ndi Radio Maria amafikira m'makhitchini mwathu. Kungoti mafunde a kabokosi ka m'nyumba ndi ofooka, amathera pabwalo kapena kuseri kwa mpanda.

Asikuluwo amakumbuka wayilesi ya atate awo, ija yozungulira ngati poto, yotchedwa Saucepan Special, yomwe inayamba kugulitsidwa m'dziko muno mu 1949, tauni ino ikadali Fort Jameson. Kanema anayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo panapita zaka asanafike kuno. Pambuyo pake panabwera milongoti ya eriyo yopotoledwa ndi mwana panja wina akufuula m'nyumba kuti "basi, pompo!", kenako madishi, kenako madikoda a TopStar pomwe dziko linkasamukira ku dijito mu 2017, chaka chomwenso Chipata inakwezedwa kukhala mzinda. "Chilichonse chinabwera ndi phokoso lake," akutero asikulu, "ndipo chilichonse tinachiweta."

Mafilimu ali kuti?

Anyamata ogulitsa zamagetsi ku Down Shops nawonso ali ndi yawo. Akuti Lolemba silidutsa osabwera munthu wosenza katoni, nkhope itakwinyika. Sabata yatha anali bambo wina wa ku Chiparamba. "Abwana, munati TV iyi ili ndi mafilimu osawerengeka. Ndayatsa, mulibe ngakhale imodzi. Muli kamkombero chabe, kakungozungulira, kakungozungulira, ngati galu wofuna pogona."

Mnyamatayo anawakokera mpando. "Atate, TV ili ngati mpopi. Mutha kugula mpopi wonyezimira bwanji, koma ngati paipi sinalumikizidwe ku madzi a ku Lutembwe, mudzapotokola mpaka dzanja kutupa. Mafilimu sali mkatimu, ali pa intaneti."

Anawafotokozera bwinobwino. Intaneti imalowa m'nyumba kudzera m'kabokosi kotchedwa rauta, kapena kena kakang'ono kokwana m'thumba kotchedwa MiFi, momwe mumalowa SIM khadi ya Airtel, MTN kapena Zamtel. Ngakhale foni ya m'manja imagwira ntchito yomweyo mukatsegula hotspot. Kabokosiko kamatunga intaneti ku nsanja ya mafoni n'kuimwaza m'nyumba. Mwini TV ntchito yake ndi kulowa pa Settings, kupeza Network, kusankha dzina la kabokosi kake pa mndandanda umene watuluka, n'kulemba pasiwedi. Dzinalo ndi pasiwediyo kawirikawiri zimakhala pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta, kapena mkati mwa chivundikiro cha batire ngati ndi MiFi.

Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pa bondo. Ndiye anafunsa funso limene lazungulira tauni yonse: "Mukutanthauza kuti ndagula ng'ombe, koma msipu ndizigula mwezi ndi mwezi?"

"Ndi momwemo, atate."

Anakhala chete kanthawi, anawerenga zotsala za soya, anagula kabokosi, n'kumanganso katoni pa njinga. Pochoka anati akauza anzake onse a kumudzi kuti afunse za msipu asanagule ng'ombe, pakuti safunsa anadya phula.

Nkhondo ya rimoti

Ku Kalongwezi kuli aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anaongola zilembo za ana ambiri m'tauni muno. Akuti iwowa analimbana ndi zilembo khumi ndi ziwiri kuyambira dzuwa likulowa mpaka nsima kuzizira. Amene analembapo ndi rimoti akudziwa ntchito yake: kumanzere katatu, pansi kawiri, kanikizani, kumanja kasanu, m'mwamba kamodzi, kanikizani. Ukafika kumapeto TV n'kukana, ndipo zonse walemba zasanduka timadontho takuda, osaona pomwe waphonya. Uyambirenso.

Mdzukulu wawo wa giredi 4 anayandikira, manja kumbuyo. "Asikulu, ndioneko." Anatembenuza rauta, anabweretsa kapepala kaja pafupi ndi mphuno, n'kunena motsitsa mawu: "Apa si O, ndi ziro. Ndipo uyu si wani, ndi L wamng'ono." Anatenga rimoti, zala zili tyapatyapa, ndipo kamkombero kaja kanasiya kuzungulira.

Nkhaniyi aphunzitsiwo akuifalitsa okha, pabwalo la tchalitchi ndi pa mzere wa ku banki, chimwemwe chili m'maso. "Ndine ndinamuphunzitsa kuwerenga," akutero, "lero wandibwezera." Ndipo poti uphunzitsi sutha, aliyense wowamvera amachoka ndi phunziro. Pasiwedi imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. TV zambiri zili ndi kachizindikiro konga diso, kapena kabokosi kochonga, komwe kamaulula zimene walemba; kanikizani pamenepo musanayambe. Mukafuna kusintha pasiwedi, isachepere zilembo 8. Koma musaike 12345678, ndipo musaike dzina la mwana woyamba ndi chaka chake chobadwa, chifukwa aneba onse anadya nawo mpunga tsiku limene mwanayo anatuluka m'chikuta.

Poti tanena za mayina, amene amatsegula mndandanda wa manetiweki m'makomboni akuti masiku ano muli mauthenga. Wina anatcha yake "Gulani Yanu". Wina, amene akuoneka kuti mtima unamuwawa kalekale, anatcha yake "Bwezani Wilibala". Koma pali wina amene anthu akumuyamikira, ngakhale sakudziwa kuti ndi nyumba iti: yake ndi "Gogodani Tikambirane".

Mlendo wodya ndi manja awiri

Pa Saturday Market, pakati pa milu ya tomato ndi mitolo ya repu, nkhani ndi ya mabando. Mayi wina wogulitsa kapenta anayamba ndi kuomba m'manja. "Alamu, bando imene ine ndimayenda nayo mwezi wathunthu pa WhatsApp, ndalumikiza TV Lachisanu usiku, Loweruka m'mawa meseji ndi iyi: yatha. Ndinati pali wina akundibera."

"Kulibe wakuba, alamu," anayankha wa anyezi. "Mwalandira mlendo wodya ndi manja awiri."

Wa anyezi ananena zoona. Chithunzi chachikulu chimafuna chakudya chambiri. A Netflix eni ake amati ola limodzi la filimu yooneka mwapakatikati limadya pafupifupi 1 GB, ya HD mpaka 3 GB, ndipo ya 4K mpaka 7 GB. Ndiye kuti bando ya 10 GB itha kutha ndi mafilimu awiri a HD, ana asanasambe n'komwe. Pa foni njala imeneyi sioneka kwenikweni poti galasi lake ndi laling'ono, koma TV ya mainchesi 43 kapena 55 imadzisankhira chithunzi chokongola koposa chimene netiweki ingakwanitse. Onjezani apo kuti TV yatsopano ikangolawa intaneti imayamba kukoka yokha mapulogalamu atsopano, komanso YouTube ikamaliza kanema wina imayambitsa wina, ngakhale nyumba yonse ili mkonono.

Mankhwala ake amayi anagawana pomwepo, ngati mbewu ya chibwabwa. Pa YouTube kanikizani kachizindikiro konga giya, mutsitse chithunzi kuchoka pa 1080p kufika pa 480p. Tsekani autoplay. Pogona zimitsani kabokosi. Ndipo ngati TV izioneredwa tsiku ndi tsiku, funsani za mabando a panyumba, musamadalire a pa foni. "Pa 480p nkhope ya abusa imaonekabe," anatero wa anyezi, "ndipo uthenga ndi womwewo." Wa kapenta anausa moyo n'kuvomereza kuti walira mvula walira matope.

Mayi wina wa ku Mchini anawonjezapo yake, msika wonse n'kufa ndi phwete. Kwawo kulibe rauta, TV imadalira hotspot ya foni ya bambo. Ndiye intaneti ya nyumba imeneyo imavala jekete n'kutuluka. Bambo akangofika pageti, katuni imaima chilili, ana onse n'kuthamangira panja: "Atate, mupita kuti? Siyani foni!" Mayiyo akuti zaka khumi analephera kuwasunga bambowo pakhomo madzulo, koma ana akwanitsa m'sabata imodzi.

Kabati, khoma ndi phiri

Ku Navutika kuli mmisiri wina wa zamagetsi, woyenda pa njinga yamoto ndi chikwama cha zitsulo kumsana. Iye akuti m'nyumba zambiri zimene amaitanidwa, TV imakhala ilibe matenda alionse. Wodwala ndi malo amene rauta yaikidwa. Wina anaikhomera m'kabati ya kuchipinda, pansi pa mabulangete a alendo, kuopa ana. Wina anaiika pansi kuseri kwa firiji. Wina anaibisa m'thiranki lachitsulo kuopa akuba, n'kumadabwa kuti TV ikungoti kamkombero zunguliru.

"Mafunde awa ali ngati kuwala kwa nyali," amatero mmisiriyo. "Sakonda chitsulo, sakonda makoma okhuthala, sakonda kuvundikiridwa. Ikani kabokosi pamwamba, poyera." Ngati kamadalira SIM khadi, iye amayenda nako zenera ndi zenera kufuna pomwe timizere ta netiweki tadzaza, pakuti tauni yathu inakhala m'chigwa chozingidwa ndi mapiri, ndipo nyumba ya m'tsinde mwa Kanjala siimva chimodzimodzi ndi ya pamtetete.

Chimene chimazunguza anthu ambiri ndi mayina awiri. Marauta ena amaonetsa dzina lina la 2.4 ndi lina la 5, ndipo eni nyumba amafunsa kuti asankhe liti. Yankho la mmisiriyu lafika kale m'mabasi. Ya 2.4 GHz ili ngati njinga yakapalasa: siithamanga, koma imalowa m'tinjira tonse, imafika mpaka kuchipinda chakumapeto. Ya 5 GHz ili ngati basi ya ku Lusaka pa Great East Road: liwiro lokhalokha, koma ikangochoka pa tala yatitimira. TV ikakhala chipinda chimodzi ndi rauta, kwerani basi. Ikakhala kuseri kwa makoma awiri, kwerani njinga. TV zina zotsika mtengo zimangoona 2.4 yokha, choncho dzina linalo likapanda kuoneka musati TV yafa. "Ndipo 5 ameneyu si 5G wa mafoni," amachenjeza. "Angofanana dzina, ngati aPhiri a ku Katete ndi aPhiri a ku Lundazi."

Zonse zikakanika, amatulutsa m'chikwama waya wa Ethernet, mbali ina kuseri kwa rauta, ina kuseri kwa TV, nkhani n'kuthera pomwepo, popanda pasiwedi. Asikulu a ku Kapata aja atamva zimenezi akuti anaseka mpaka kutsokomola: zaka zonsezi kuthawa waya, mapeto ake kubwerera ku waya.

Malaiti akapita

Palibe amene waiwala chilala cha 2024. Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February chaka chimenecho kuti dziko lili pa ngozi, madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku. Kuyambira pamenepo mawu akuti sola, inveta ndi batire analowa m'kamwa mwa aliyense, mpaka ana a sukulu ya mkaka. Ambiri anazindikiranso kuti rauta imadya magetsi ochepa zedi, kabatire kakang'ono kamaisunga yamoyo usiku wonse.

Koma ku Magazine kwamveka chachilendo. Banja lina, magetsi atabwera, TV inavomera kuti yalumikizika, timizere tonse todzaza, koma YouTube n'kukana kutseguka. Anasintha pasiwedi, anagula bando ina, anafika poganizira aneba. Mtsikana wa pasukulu ya sekondale ndiye anaona kuti TV ikuonetsa deti la zaka zapitazo. Inadzuka ngati munthu wogona masana, wosadziwa ngati kukucha kapena kukuda. Mapulogalamu a pa intaneti amayamba aona tsiku ndi nthawi asanakhulupirirane, ndiye wotchi ikasokonekera amakana kutsegula chitseko. Atangokonza deti, zonse zinayenda.

Anthu a kumeneko akupatsananso nzeru ina. Magetsi akabwera, TV imadzuka msanga koma rauta imayamba yadziongola mphindi ziwiri kapena zitatu. Musathamangire kuimenya mbama TV yanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikapitiriza kuuma mutu, izuleni pa soketi, muwerenge mpaka makumi atatu, muibwezere. Ndipo kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwaukali n'kotsika mtengo kuposa TV ina.

Cha ku msewu wa ku Mfuwe, m'mafamu ndi m'malo ogona alendo, kwayamba kuoneka mbale zina zosalala ngati thireyi, zoyang'ana kumwamba. Ndi za Starlink, yomwe inafika mu Zambia mu October 2023, ndipo imatunga intaneti ku masetilaiti. Mbale imeneyi imafuna thambo loyera, lopanda nthambi. Ndiye pa famu ina akuti panabuka mlandu: bambo akufuna kudula mtengo wa mango, mayi akuti mtengowo anabzala ndi amayi awo. Anakambirana masiku atatu. Lero mbale ili pa mlongoti wautali kuseri kwa nkhokwe, ndipo mango achita maluwa.

Chigoli chofika mochedwa

M'babashopu ina m'mbali mwa Umodzi Highway, dandaulo ndi la mpira. Wometa anagula TV yanzeru kuti makasitomala azionera pa intaneti. Koma kuseri kwa khoma kuli telala amene amamvera pa wayilesi, ndipo patsidya pa msewu pali golosale ya dishi. Ndiye mpira ukadali pakati pa bwalo pa TV ya wometa, kwa telala kwamveka kale "Chigoliii!", kugolosale mipando yagwa. M'babashopu onse amangoyang'anana, mitu yometedwa theka, kudikira chigoli chomwe tauni yonse yakondwerera kale.

Chifukwa chake n'chakuti chithunzi cha pa intaneti chimabwera m'tizidutswa, ndipo TV imayamba yasonkhanitsa tingapo isanaonetse, kuti chisamadukeduke. Pamenepo pamatayika masekondi angapo, nthawi zina pafupifupi mphindi. Wometayo anapita kwa telala ndi pempho: "Achimwene, mukamva chigoli muziyamba mwameza malovu kakhumi." Telala analonjeza kuyesa, koma akuti mtima sumvera.

Apa akuluakulu amakumbutsa za usiku wa pa 12 February 2012, Chipolopolo itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7 ku Libreville. Stoppila Sunzu atamenya yomaliza ija, Chipata yonse inafuula kamodzi, kuyambira ku Kapata mpaka ku Moth, ngati pakamwa pamodzi. Achinyamata amavomereza, koma amati intaneti nayo yabweretsa zake. Mu 2024 Barbra Banda anapita ku Orlando Pride n'kutenga nayo chikho, pomwe Temwa Chawinga wa ku Malawi anagoletsa zigoli 20 mu ligi yomweyo ya ku America atavala malaya a Kansas City Current. Masewero awo ambiri amachitika ife tili m'tulo, koma m'mawa zigoli zili pa YouTube, pa galasi lalikulu, ndipo kuno timasangalalira onse awiri, poti malire a Mwami ali pakhomo pompa.

Ku Mwamiko nakonso kuli nthabwala yake. Akuti foni za kumeneko zimawoloka malire zokha, popanda pasipoti: uli pabalaza pako mu Zambia, foni yalumphira pa netiweki ya ku Malawi, hotspot n'kuima. Odziwa amalowa mu Settings n'kusankha okha netiweki yakwawo, kuti foni ileke kuyendera achibale usiku.

Kupala moto

Nkhani zonsezi zimathera pa funso limodzi, ndipo si la mabatani ayi. Ife tinakula moto ukazima pakhomo, amayi ankatipatsa phale n'kutituma kwa aneba kukapala. Palibe ankamana, pakuti khala limodzi likachoka moto wa mwini suchepa. Lero mwana amabwerabe pakhomo madzulo, kugwada mwaulemu, koma m'manja muli kapepala: "Amayi akuti mutigawireko pasiwedi."

Vuto ndi lakuti moto uno umachepa. Aliyense wowothako amadyako bando, ndipo akachuluka chithunzi chimayamba kutsimphina. Komanso pasiwedi ili ndi miyendo. Mwapatsa mmodzi Lachiwiri, pofika Lamlungu anyamata andandalika pa mpanda wanu ngati mbalame pa waya, mitu yoweramira m'mafoni. Mwini akasintha pasiwedi mwakachetechete, m'mawa moni amayankhidwa ndi mphuno. Mabanja amene anabwerekana mchere zaka zambiri asiya kulankhulana chifukwa cha zilembo zisanu ndi zitatu.

N'chifukwa chake nkhani imene yandikhudza koposa ndi ya pa mdadada wina wa nyumba za lendi ku Mchini. Kumeneko kunali kunong'onezana ndi kulozana zala, mpaka mayi mwini nyumba anaitanitsa onse pansi pa mtengo. "Ana anga," anatero, "chitsime chimodzi tikumwa, chimbudzi chimodzi tikusesa mosinthana. Kabokosi kokha ndiye katilekanitse?" Anagwirizana kuti mabanja anayi azisonkha mwezi ndi mwezi, monga amachitira chilimba. Rauta anaiika m'nyumba yapakati, pamwamba pa kabati. Pasiwedi imasinthidwa mwezi ukayamba ndipo imapatsidwa kwa akulu okha. Madzulo, mtsikana amene akukonzekera mayeso a giredi 12 ndiye amayamba, mafilimu pambuyo. Anaikanso nambala yachinsinsi pa TV kuti ana asamatsegule zosayenera. Tsiku la mpira TV imatulutsidwa pakhonde, aliyense n'kubwera ndi mpando wake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo thumba limodzi silisenza bando.

Ine ndikuona kuti anthu amenewa apeza chimene TV yanzeru siingatiphunzitse. Kulumikiza galasi ndi kabokosi, mwana wa giredi 4 amakwanitsa. Chofunika akulu ndi kukhala pansi, kunena poyera mtengo wa moto, ndi kugwirizana mmene tiwothere. Foni inatibalalitsa, aliyense ndi kagalasi kake m'bulangete. Galasi lalikulu la pabalaza likhoza kutisonkhanitsanso, agogo ndi adzukulu kuonera chinthu chimodzi, kuseka pamodzi, kufunsana.

Ndimalize ndi ambuya a ku Kapata aja. Kwawo ndi kufupi ndi Mtenguleni, koma chaka chino maondo anawaletsa kupita ku Nc'wala, mwambo wa Angoni umene umachitika Loweruka lomaliza la February. Usiku woti mawa abwerera kumudzi, mdzukulu uja analemba pang'onopang'ono ndi rimoti, ndipo pa galasi panatulukira bwalo lonse: amuna a zikopa ndi zishango akuponda ngoma, fumbi lili koboo, amayi akuomba m'manja, Nkhosi yamakhosi Mpezeni atakhala pamalo pawo. Ambuya anasendera kutsogolo mpaka mphasa kukwinyika. Anayamba kutchula midzi ya magulu ovina, kuloza ndi chala, kenako nthungululu inaphulika m'nyumba monse. "Itanani aneba!" anafuula. "Zinthu izi saonera wekha!" Aneba anabwera, ana pansi, akulu pamipando, ena pazenera.

M'mawa, katundu atamangidwa pa njinga, ambuya anatsanzika onse mmodzimmodzi. Atafika pakhomo anabwerera, anayang'ana kabokosi ka pa shelefu, timagetsi take tili phethiphethi, n'kuuza mpongozi wawo: "Ameneyu mumusamale, asafenso. August ndibwera, adzandionetse Kulamba wa ku Mkaika."